Mwana wa mlonda wa anyani

Ndili mnyamata ndinkatandala pachilindo kupirikitsa anyani m'munda wa chimanga. Lero mwana wanga wamkazi akufuna kukawaphunzira ku yunivesite. Nditamva ndinaseka, iye sanaseke.

Jane Goodall anafika ku Gombe, ku Tanzania, mu 1960 alibe digiri, atatumidwa ndi Louis Leakey. Za ku Cambridge zinadza pambuyo. Khomo lotere silitsegukanso kawirikawiri. Masiku ano amafuna bayoloji poyamba, kenaka digiri yachiwiri, ndi zaka zambiri m'tchire kapena kumalo osungira nyama monga Chimfunshi ku Zambia. Ntchito zake n'zowerengeka, ndipo ine ndine wolipira fizi.

Ndinamuuza zonsezi. Anangondifunsa kuti, "Ababa, amayamba kulowa m'munda ndi nyani uti?"

Ndinayankha mpaka nsima inazizira.