Mfolo si kukumba cabe

Mvula ikayamba mu November, nkhani mu Makandanyama imakhala imodzi: tikumbe mifolo madzi acoke. Ine sinikana. Dothi likamwa madzi limafewa, maziko a nyumba amatsika, cimbudzi cimagwa. Madzi akacoka, dothi limagwirana ndi kulimba. Koma munthu akakuuzani kuti adziwa zonse zili pansi pa mapazi athu, mumukaikire.

Ngakhale mainjiniya a ku Japan dothi linawadabwitsa. Pomanga bwalo la ndege la Kansai pa cisumbu ca m'nyanja pafupi ndi Osaka, anazika mizati ya mcenga pafupifupi 1 miliyoni m'dongo lofewa kuti madzi atuluke msanga. Dongo la pansi kwambiri, kumene mcenga sunafike, linatsika kuposa mmene masamu ao ananenera. Cinawathandiza ni cakuti anasiya mpata: mizati ya nyumba yaikulu ya pa bwalopo anaipanga kuti azitha kuikweza ndi majeki.

Bwalo limenelo linatsegulidwa mu 1994, caka cimene mgodi wathu wa Kabwe unatsekedwa. Ise mgodi unatisiyira mtovu, umene timangouchula kuti lead, m'dothi la Makandanyama, Kasanda ndi Chowa. Ndiye kuno zokaikitsa zilipo ziwiri: kumene madzi adzapita, ndi zimene khasu lidzafukula. Dothi la mu mfolo tikaliunjika m'mbali mwa njira, mu August limasanduka fumbi, ndipo ana ndiwo amasewerapo. Lead imaononga ubongo wa mwana, ndipo sionekera ndi maso.

Conco pamene a khonsolo kapena ise acinyamata tifuna kukumba, nipempha zinthu zinai. Maenje oyesera akumbidwe malo angapo, cifukwa yadi yanu ndi ya aneba sizifanana. Madzi a pansi aonedwe mu February, osati mu October pamene zonse zauma. Agogo amene akhala zaka zambiri mu komboni afunsidwe pamene madzi amaima mvula ikaculuka, ndipo mfolo ukule kuposa mvula ya caka catha. Cothera, tisanagwire khasu tigwirizane kumene dothi lidzatayidwa ndi cimene cidzaliphimba.

Mvula yoyamba ikagwa, tiyende naye mfolo kucokera pamwamba mpaka kumapeto. Ngati madzi athera pakhomo la amai a kumunsi, nchito ikalibe kutha, tangosamutsa vuto.