Malachitatu atatu ovina jig ku Glasgow

Ndinakhala masabata atatu ku Scotland m'mwezi wa Novembala, ndipo masiku ambiri anangothera mu mvula ndi mdima womwe umagwa 4 koloko isanakwane bwino. Ku Blantyre wa kumeneko, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, ndinakafikako monga amachitira Amalawi ambiri. Koma chimene chanditsalira m'miyendo mpaka lero ndi holo ya tchalitchi china ku Glasgow, komwe anthu amakumana Lachitatu lililonse madzulo.

Anandikokera kumeneko ndi mwana wa achemwali anga, namwino mumzindawo. "Amalume, simubwerera kumudzi musanaone mavinidwe a anthu kuno. Vulani nsapatozo, valani izi." Tinali tinsapato ta chikopa chofewa, topanda chidendene, tomanga ndi zingwe. Eni ake amati ghillies. Ukativala umamva thabwa lililonse la pansi.

Aphunzitsi, mayi wa imvi mbuu, anatiimika mizere iwiri, amuna uku akazi uku, anthu 8 pagulu, aliyense moyang'anizana ndi mnzake. Nyimbo ya jig imayenda modumphadumpha, kugunda kutatu kenako kutatu kwina, ndipo kachigawo kameneko amakatcha bar. Gule mmodzi nthawi zambiri amakhala ndi ma bar 32, oduliridwa 8, 8, 8, 8, ndipo nyimbo imabwerezedwa maulendo 8 kuti awiri alionse atsogolere kawiri asanatsikire kumapeto kwa mzere. Kaponyedwe ka phazi sikanandivute. Munthu amene anakula akuonera mganda ku Ntchisi sachita chilendo ndi kuvina pamzere. Chinandizunguza mutu ndi njira.

Pali njira ina imene amati reel of three. Anthu atatu amayenda nthawi imodzi akulemba nambala 8 pansi, osagwirana manja, kumangodutsana phewa lamanja uku, lamanzere uko. Ukangochedwa pang'ono, anzako awiri asowa podutsa. Ulendo wachiwiri nditasokera, bambo wina wovala kilt anandigwira mapewa kumbuyo n'kundikankhira pomwe ankafuna, uku akutsonya. Zinandiwawa kwambiri. Ndine munthu wa zidzukulu, ndabwera kudzaphunzira gule wawo ndi mtima wonse, ndiye wina azindikankha ngati wilibala? Kwathu mlendo akaphonya sitepe pabwalo timamusekerera, timamuombera m'manja, wina n'kuvina pambali pake kuti aonere. Ndinatsala pang'ono kumasula zingwe za nsapato.

Anandibweza ndi agogo ena aakazi omwe ndinkavina nawo, aafupi, ondilekeza paphewa. "Bambo, musamayang'ane mapazi anu. Muziyang'ana ine." Kuyambira pamenepo sanandikhudze n'komwe. Ikakwana nthawi yokhota, ankangoponya maso kumene ndiyenera kupita, mwina kukweza chala pang'ono. Ndinazindikira kuti ovina bwino onse m'holomo amachita chimodzimodzi, amalankhulana ndi maso, ndipo wokankha uja anali yekha pakhalidwe lakelo.

Panthawi ya tiyi agogowo anandionetsa kabuku kolowa m'thumba kodzaza ndi tizithunzi: timabokosi, timizere tozungulira ndi mivi, gule yense pamzere umodzi kapena iwiri. Magule awo ndi olembedwa. Mu 1923, amayi awiri, Jean Milligan ndi Ysobel Stewart, anayambitsa bungwe ku Glasgow komweko poona kuti magule akale akuiwalika, nayamba kuwatolera kwa okalamba ndi m'mabuku akale n'kumawasindikiza. Lero limatchedwa Royal Scottish Country Dance Society, likulu lake lili ku Edinburgh, ndipo chaka ndi chaka ovina ochokera m'maiko osiyanasiyana amasonkhana ku St Andrews kukaphunzira. N'chifukwa chake wa ku Japan ndi wa ku Canada akhoza kukumana koyamba n'kuvina limodzi osaphonya. Zimenezi ndinazisirira, ndipo ndinaganizira akuluakulu a malipenga ku Nkhata Bay amene masitepe awo ali m'mitu mokha. Komabe kabukuko sikandikwanira. M'holo muja ovina saimba. Akodiyoni ndi vayolini zimagwira ntchito yonse, pakamwa pali duu, milomo ikungowerenga. Gule wopanda wotsogolera nyimbo ndi ovomera, kwa ine, amakhala ngati ndiwo zosathira mchere.

Lachitatu lomaliza aphunzitsi anatipatsa Pelorus Jack, jig imene anapeka Barry Skelton wa ku New Zealand pokumbukira dolphin yomwe inkaperekeza sitima zapamadzi kumeneko. Otsogolera awiri amadutsana pogwirana dzanja lamanja, amatsikira kuseri kwa anzawo, amazungulira atagwirana manja pakati ndi awiri achitatu, kenako mkazi amaima kumbuyo kwa mwamuna. Apa ndiye pokoma. Awiriwo amathamanga motsatana kupita pangodya, ndipo akafika pokhota, wakumbuyo amasanduka wakutsogolo, monga zimachitira nyamazo zikamasambira m'mbali mwa sitima. Amatero kanayi, ngodya zonse.

Ulendo woyamba ndinawerenga mokweza. Wachiwiri sindinawerenge. Ndinangoona agogo aja akhota patsogolo panga, mwendo wanga unadziwa wokha kuti tsopano wotsogolera ndine, ndipo tinakafika pamalo athu nyimbo ikutha chigawo. Oimba atakoka liwu lotalika lotsekera, amuna tinawerama, akazi anapinda maondo. Mwana wa achemwali anga analephera kudzigwira, analiza nthungululu holo yonse n'kucheuka. Agogo aja anamupempha kuti aibwereze, akufuna aone kuti lilime amaliyendetsa bwanji.