Nkhoswe ya Munthu Wopanda Mbale

Akuluakulu akale adati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Mwambi umenewu umatchulidwa kawirikawiri pa nkhani za ulendo kapena za ntchito ya kumunda, koma mphamvu yake inkaoneka kwenikweni pabwalo la milandu. M'midzi ya Achewa munthu sankapita yekha kukaonekera pamaso pa nyakwawa. Akaitanidwa, ankayamba wakagwada kwa mwini mbumba, amene nthawi zambiri anali atsibweni ake, n'kuwafotokozera mutu ndi mchira wa nkhaniyo. Ikakhala nkhani ya m'banja, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndiwo ankatsogola. Tsiku la mlandu likafika, mwini nkhani ankakhala pansi modzichepetsa, ndipo wamkulu wakeyo ndiye ankatsegula pakamwa poyamba.

Makolo sadakhazikitse mwambo umenewu mwangozi. Iwo adaona kuti munthu wogwidwa ndi mantha lilime limamulemera, ndipo wodzazidwa ndi mkwiyo amayankhula zomumanga yekha. Paja fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Tsono pankafunika wina wa mtima wozizira, wodziwa kayendedwe ka bwalo, woti aike mawu m'malo mwake. Nkhosweyo sinkalembera munthu mtengo wa ntchito yake. Mlandu ukatha mwamtendere inkadya nawo nkhuku ya chiyanjano, basi. Kuimirira mbale wake unali udindo umene inkabadwa nawo.

Makhoti a boma adabwera ndi kachitidwe kena. Kumeneko nkhani imayenda ndi mapepala, masiku oikika ndi ndime za malamulo, ndipo chiyankhulo chake chachikulu ndi Chingerezi. Womasulira alipo ndithu, koma ntchito yake ndi kutembenuza mawu. Sangauze woimbidwa mlandu funso loyenera kufunsa mboni, kapena kumuchenjeza kuti akavomera mlandu umene sakuumvetsa adzagona kundende. Atsibweni angathe kukhala pa benchi kumbuyo, koma alibe chilolezo choyankhulira mphwawo. Wololedwa kutero ndi loya, ndipo loya amalipidwa ndalama zimene mlimi wa chimanga kapena mayi wogulitsa tomato sangazipeze ngakhale atagulitsa mbuzi zonse za m'khola. Umu ndi mmene mmphawi adapezekera ali yekha pa malo amene makolo sankalola munthu kuima yekha.

Mbiri ya Malawi ili ndi phunziro lowawa pa nkhani imeneyi. Kuyambira m'chaka cha 1969, milandu ikuluikulu monga ya kupha, ndipo pambuyo pake ya kuukira boma, idayamba kuzengedwa m'makhoti amene ankatchedwa a chikhalidwe, mmene maloya sankaloledwa kuimira munthu. Dzina linali la mwambo, koma mwambo weniweni wa nkhoswe munalibe. Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko muno, ndi mkazi wake Vera Chirwa, onse awiri odziwa malamulo, adaweruzidwa m'khoti lotere ndipo mu 1983 adagamulidwa kuti aphedwe. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo Vera adatulutsidwa mu 1993. Ngati akatswiri a malamulo adasowa mtengo wogwira pamene adamanidwa wowayankhulira, nanga bwanji munthu amene sadapite patali ndi sukulu?

Malamulo aakulu a dziko a 1994 adakonza zimenezi. Ndime 42 imanena kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokhala ndi loya, ngakhale wolipidwa ndi boma ngati chilungamo chikufuna kutero. Lamulo la 2011 lidakhazikitsa Legal Aid Bureau, imene idayamba ntchito mu 2015, kuti iziimira osauka. Komabe mutu umodzi susenza denga. Ofuna thandizo ndi ochuluka kuposa maloya a boma, ndipo mpata wotsalawo umatsekedwa ndi anthu ongodzipereka: maloya amene amasiya kaye milandu yolipidwa n'kunyamula ya munthu amene sadzawapatsa ngakhale tambala imodzi. Iwo eni ntchitoyi amaitcha pro bono, mawu a Chilatini onena za kuchitira ubwino anthu onse.

Ambiri amaganiza kuti ntchito ya loya ndi kuvala mkanjo wakuda n'kuyankhula Chingerezi chozama pamaso pa jaji. Zoona zake n'zakuti gawo lalikulu la ntchito ya loya wodzipereka ndi kumvetsera. Amakhala pansi ndi mkaidi amene wagona pa rimandi miyezi yambiri osadziwa tsiku la mlandu wake. Amafunafuna fayilo yosowa, kulemba pempho la belo, ndi kufotokozera achibale kuti belo ya kupolisi salipira. Tsiku lina amalandira mayi wamasiye amene abale a malemu amulanda nyumba ndi ziwiya, n'kumuuza kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda koteroko ndi mlandu. Kawirikawiri kalata imodzi yolembedwa bwino imabweza katundu nkhani isanafike n'kukhoti komwe. Pa ntchito ya kundende maloyawa amathandizana ndi alangizi a zamalamulo a Paralegal Advisory Service, amene kuyambira m'chaka cha 2000 akhala akulowa m'ndende kukaphunzitsa akaidi mmene angapemphere belo ndi mmene angadziyankhulire okha.

Zipatso za ntchito yotere sizithera pa munthu mmodzi. Mu March 2015 apolisi adamanga Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, ali pa ulendo wa m'bandakucha wopita ku Limbe kukachita malonda ake. Mlandu wake unali wa vakabu, pansi pa ndime 184 ya malamulo a milandu, imene mizu yake idachokera ku lamulo la ku England la 1824. Anthu osawerengeka adamangidwapo chomwecho, n'kuvomera, n'kulipira chindapusa kuti angobwerera kwawo. Koma munthu ameneyu adapeza omuimirira, mothandizidwa ndi mabungwe a CHREAA ndi Southern Africa Litigation Centre, ndipo mu January 2017 Khoti Lalikulu lidagamula kuti gawo la ndimeyo limene adamangidwa nalo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mlandu wa wogulitsa majumbo mmodzi udapepuza mtolo wa onse olawirira usiku kukafuna chakudya cha ana.

Chitsanzo china ndi mlandu wa Kafantayeni. Kale aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha ankagamulidwa kuti aphedwe, jaji osaloledwa kuganizira china chilichonse. Mu 2007 Khoti Lalikulu lidati chilango chokakamiza chotero n'chosemphana ndi malamulo aakulu. Koma chigamulo pachokha sichitsegula chitseko cha ndende. Padapita zaka zisanu ndi zitatu kuti, mu 2015, ntchito yomvanso milandu ya akaidiwo mmodzimmodzi iyambe mwamphamvu. Maloya a boma, maloya ongodzipereka, ophunzira zamalamulo ndi alangizi aja adagwirana manja. Ena adayenda m'midzi kukacheza ndi achibale ndi mafumu, kufunsa kuti munthuyo anali wotani, adali wamsinkhu wanji, mutu wake unkayenda bwino kapena ayi, ndiponso ngati mudzi ungamulandire. Akale adati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga, ndipo izi n'zimene ankafufuza. Akaidi oposa 100 adatuluka n'kubwerera kwawo. Chochititsa chidwi n'chakuti mawu a nyakwawa ndi a mbumba, amene adatsalira kunja kwa khoti kwa zaka zambiri, adalowamo kudzera mwa maloya amenewa.

Pali ena amene amanyoza ntchitoyi, amati ndi yoteteza mbava ndi zigawenga. Kudandaula kwawo n'komveka, makamaka kwa amene adaberedwapo kapena kuferedwa. Koma nkhoswe ya kumudzi sinkapita kubwalo kukanena kuti mbale wake ndi mngelo. Ikaona kuti walakwa inkamudzudzula kuseri, kenaka pabwalo inkavomera cholakwacho n'kupempha kuti dipo lifanane ndi kukula kwa mlandu. Loya woona amachitanso chimodzimodzi: saloledwa kunamiza khoti, koma amaonetsetsa kuti wosalakwa asamangidwe, ndipo wolakwa alangidwe pa chimene adachita chokha. Amene lero akuti wakuba safunika womuyankhulira akumbukire kuti munthu amatha kunamiziridwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ntchitoyi ili ndi mtengo wake kwa woichita. Loya naye ali ndi lendi ya ofesi, antchito ofuna malipiro ndi ana a sukulu. Tsiku limene wathera pa benchi ya khoti kudikira mlandu umene pamapeto pake waimitsidwa, ndi tsiku limene sadapeze kanthu. Yesero lalikulu ndi lakuti mlandu waulere auike pansi pa mulu wa mapepala, aziukumbukira akapeza mpata. Apa m'pamene pamaonekera kusiyana kwa wodzipereka weniweni ndi wongofuna kutamandidwa, chifukwa thandizo la mphwayi limapweteka kuposa kukana: mmphawi amagona tulo poganiza kuti ali ndi nkhoswe, pamene masiku a apilu akutha. Nayenso wothandizidwa ali ndi mbali yake. Anene zoona zokhazokha kwa loya wake, asunge mapepala, ndipo apite msanga, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Masiku ano mabanja adamwazikana. Mnyamata womangidwa ku Lilongwe angakhale ndi atsibweni ake ku Johannesburg, ndipo mayi wamasiye wa ku Ndirande mwina sadziwa n'komwe kumene ankhoswe a ukwati wake adapita. Adzukulu amene akuphunzira zamalamulo, kapena amene akulota zodzavala mkanjo wakuda, adziwe kuti maphunzirowo adzawasandutsa eni mbumba ya anthu amene sadabadwe nawo. Adye thukuta lawo mosachita manyazi, pakuti wantchito ayenera malipiro ake. Koma pa mulu wa mafayilo pasasowe imodzi ya munthu amene sangathe kulipira, ndipo imeneyo aigwire ndi manja awiri monga agwirira ya munthu wachuma.