Mbawa, Mtengo Wobzalira Adzukulu

Pa mitengo yonse imene makolo athu anali kuilemekeza, mbawa inali ndi malo akeake. Kum'mawa ndi ku Malawi timati mbawa, Abemba amati mululu, Azungu amati mahogany, ndipo akatswiri a zankhalango anailemba m'mabuku ao kuti Khaya anthotheca. Imamera yokha m'mphepete mwa mitsinje, thunthu lake limapita cowongoka, ndipo masamba ake ongophuka kumene amakhala ofiira. Ku Zimbabwe, m'nkhalango ya Chirinda, kuli mbawa yochuka imene kutalika kwake kunapitirira mamita 60.

Ife a kuno ku Kafue amene tapyola zaka makumi asanu tinakulira limodzi ndi tauni yathu. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa mu 1970, panalinso fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles, ndipo anthu anabwera kucokera m'zigawo zonse kudzafuna nchito. Banja lililonse linafuna citseko, bedi, tebulo ndi makala. Pang'onopang'ono mitengo ya m'mapiri otizungulira inayamba kucepa. Mu Febuluwale 2024 boma linalengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba ndi mu mtsinje wa Kafue, magetsi anasowa, ndipo mabanja ambiri tinabwerera ku mbaula. Mitengo ndiyo inalipira.

Ku sukulu ya mishoni tinali kukhalira mabenchi a mbawa amene anapalidwa tisanabadwe, ndipo tinawasiya ali olimba. Lero tikapita kwa kalipentala tipeza matabwa a paini ndi bulugamu, ena atapakidwa vanishi yofiira kuti aoneke ngati mbawa. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Sitiwaimba mlandu akalipentala, pakuti thabwa lenileni lasowa ndipo ladula. Kusowaku sikuli kwathu kokha. Mu Novembala 2022, pa msonkhano wa maiko wa CITES ku Panama, anagwirizana kuti mbawa ya mu Africa, pamodzi ndi mupapa ndi mukwa, isatumizidwe kunja popanda cilolezo. Kunonso lamulo la zankhalango la 2015 likuti wofuna kuceka matabwa m'nkhalango ayambe watenga cilolezo. Koma lamulo limangoteteza mitengo imene yatsala, kubzala ina n'kwa ife.

Kubzala mbawa sikufuna ndalama zambiri. Cipatso cake ndi kampira kolimba ngati thabwa, kakulidwe ka ndimu, kamene kakauma kamang'ambika pazinai kapena pasanu, n'kutaya njere zaphanthiphanthi zokhala ndi timapiko topyapyala. Tizitole zitangogwa, cifukwa njere za mbawa sizicedwa kufa ndipo tizirombo timazikonda. Tisakanize dothi labwino, mcenga ndi manyowa owolerana, tithire m'timatumba ta pulasitiki, tigoneke njere imodzi m'kathumba kalikonse n'kukwirira pang'ono cabe. Tiike pamthunzi wa udzu ndi kuthirira m'mawa. Pakapita masabata awiri mpaka anai zimera. Mbande ikafika masentimita 30 kapena kuposerapo, yakwana kuwokera.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko lathu imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Januwale, pamene nthaka yakhuta mvula. Tikumbe dzenje lofika m'bondo, tibwezeremo dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa. Pano pali cenjezo kwa ife a m'makomboni: mbawa si duwa la pakhonde. Tisaibzale pafupi ndi khoma la nyumba, pambali pa cimbudzi kapena pansi pa mawaya a magetsi, cifukwa ikakula idzatidanitsa ndi anansi athu. Imafuna malo otakasuka a nthaka yakuya yosunga cinyezi, monga kumalire a munda, pabwalo la sukulu, la chalichi kapena kumanda.

Adani ake tikuwadziwa: mbuzi, moto wolusa, ciswe ndi dzuwa la Okutobala. Timange kampanda ka minga, tilambule udzu pozungulira, ndipo pa zaka ziwiri zoyamba tisaimane ndowa ya madzi m'cilimwe. Koma mdani woposa onse ndi kambozi kamene akatswiri amati Hypsipyla. Kamaboola nsonga yanthete n'kudya mtima wake, nsongayo imauma, ndipo mtengo umaturutsa mphanda zambiri. Mtengo wa mphanda upatsa mthunzi, koma thabwa lalitali ai. Tikaona nsonga yafota, tiidule pansi pa pamene paboolekapo, tiitenthe, ndipo pa mphukira zatsopano tisiyepo imodzi yamphamvu. Akulu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Cithandizanso kusabzala mbawa zokhazokha pamalo amodzi, cifukwa zikakhala pakati pa mitengo ina mboziyo siipeza msanga.

Phindu lake ndi lotani? Thabwa la mbawa ndi lofiirira, losavuta kupala, ndipo likapukutidwa limawala. Limapanga zitseko, mafelemu a mawindo, makabati ndi mipando yofika kwa zidzukulu. Kuyambira kale anthu anali kusema bwato ndi thunthu lake, ndipo asodzi a ku Chanyanya angatiuze kuvuta kwa kupeza mtengo waukulu wosemera bwato masiku ano. Khungwa lake ndi lowawa, ndipo agogo athu anali kuliwiritsa pocizira cimfine ndi kutentha thupi. Apa tinene ziwiri. Mwana akatentha thupi, tithamange naye kucipatala akapimidwe malungo. Ndiponso amene asenda khungwa kuzungulira thunthu lonse wapha mtengowo, ngakhale sanagwire nkhwangwa. Mbale wake wa mbawa ndi msikidzi, umene njere zake zimapatsa mafuta odzola ndi opangira sopo. Kumene malo acepa, msikidzi ungalowe m'malo.

Tikudziwa cimene ambiri anena. Mango abala pa zaka zocepa, bulugamu apatsa mapaso msanga, nanga bwanji kudzivuta ndi mtengo umene ufuna zaka 30 kapena kuposa kuti ucekedwe? Ndi funso loyenera, makamaka pakhomo pamene unga wa mawa sunapezeke. Sitikuti tileke mango. Tibzale mango khumi, koma pamalire tiikepo mbawa ziwiri. Ife a zaka zathu sitidzakhalira mpando wocokera m'mitengo imeneyi, monganso amene anasiya mbawa zija zimene zinasanduka mabenchi athu sanatidziwe maina. Mwana amene ali giredi 1 lero adzakhala ndi banja lake pamene mbawayo izidzakhwima, ndipo mtengo umodzi udzatha kumupatsa zitseko za nyumba yonse, kapena ndalama za sukulu ya ana ake.

Cotero, makolo anzathu, tisadikire kuti mvula igwe ndi pamene tiyambe kufunafuna mbande. Tipite ku ofesi ya zankhalango ya boma lathu kukafunsa mbeu, kapena titole tokha pamene pali mtengo wobala. Tsiku lowokera titenge ana, aliyense timupatse mtengo wake ndi ndowa yake, ndipo timuuze dzina lake la mtengowo m'cinenero cathu.