Chimene chimaimitsa ngolo

Chaka chachitatu tsopano ndili pakhomo kwa Dzoole, digiri yanga ya physics ili phee m'sutikesi kunsi kwa bedi. Amayi akandiona ndili pa foni amati, "Iwe, anzako akupita patsogolo, iwe wangoti njo ngati chitsa." Mawu amenewa amandiwawa, osanama.

Mwezi wathawu tikuchokera kumunda ndi ngolo ya mtedza, tayala linakakamira pamwala potsetsereka. Ine ndinayamba kukalipira ng'ombe. Amalume anati, "Ng'ombe zalakwanji? Chotsa mwalawo." Nditauchotsa, ngolo inapitirira yokha.

Pomwepo ndinakumbukira otsatira a Mozi, anthu oganiza mozama a ku China zaka zoposa 2,000 zapitazo. Iwo ankaona kuti chinthu choyenda chimaima chifukwa pali chochitchinga. Newton anadzalemba lamulo lofanana nalo mu 1687. Sindikunena kuti anthuwa anatulukira physics ya Newton ayi, masamu akewo analibe. Koma funso lawo linali lomwelo: usamangofunsa chimene chikukankha, funsanso chimene chikuimitsa.

Buku lina la m'nthawi ya mafumu a Han limafotokoza kuti dziko limayenda osapuma koma ife sitimva, ngati munthu wokhala m'chombo chotseka mazenera. Galileo anapereka chitsanzo chonga chomwecho mu 1632. Lero tikudziwa kuti dziko limathamanga makilomita pafupifupi 30 pa sekondi pozungulira dzuwa. Ndiye kuti mapiri a Ntchisi, nkhokwe yathu, ngakhale chitsa cha amayi chija, zonse zili pa ulendo. Kuima kapena kuyenda zimatengera amene ukudziyerekeza naye, ndipo ine ndinkadziyerekeza ndi zithunzi za anzanga pa Facebook.

Nzeru zimenezi sizigula sopo, ndikudziwa. Komabe ndinasiya kudzifunsa ngati ndine waulesi. Ndinatenga kope n'kulemba miyala yanga: ndalama ya minibasi yopitira ku intaviyu ku Lilongwe, bandulo, ndi manyazi opempha ntchito kwa anthu amene anandiona ndikukula. Iwiri yoyambayo sindingaisunthe panopa. Wachitatuwo ndi wa m'manja mwanga.

Lolemba lapitali ndinapalasa njinga kupita pa sekondale ina yoyendera cha ku Mponela, kukapempha ahedi kuti ndiziphunzitsako physics Fomu 4, ngakhale ndalama yake ikhale yochepa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati ndibwerenso Lachisanu.

Amayi sananene kanthu nditawauza. Koma malaya anga oyera andisitira kale, ali pa msomali kuseri kwa chitseko.