Girisi, Mchenga ndi Mlandu wa Mwana



Lero tikufuna kukamba za kanthu kakang'ono kamene kanatsala pang'ono kutidanitsa pakhomo pathu. Mu Disembala chaka cha 2023, amalume athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatitumizira kalole koyendetsa ndi rimoti. Kanafika m'katoni pa sitima ya Ilala, ija yakhala ikuyenda pa nyanja yathu chiyambire 1951. Kwa ife amene tinakula tikupinda magalimoto a mawaya, zinali ngati kutulo. Madzulo aliwonse tinkakathamangitsa pansi pa milambe, kufupi ndi tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903, ana akukuwa pambuyo pake.

Patangotha masabata 3, kalole kanayamba kulira mwachilendo, kuti gwedegwede, makamaka ponyamuka. Ife akuluakulu a pakhomo tinati nzeru tili nazo: njinga ikalira, si amaithira mafuta? Tinachotsa chivundikiro cha magiya ndi kupakamo girisi wambiri. Sikuluwu imodzi itatayika mumchenga, chivundikirocho tinangochisiya m'nyumba. Patapita masiku awiri, rimoti ili m'manja mwa mng'ono wathu wa zaka 9, mota inalira kwambiri koma matayala osasuntha. Tonse tinamutembenukira. "Wawononga ndiwe! Umayendetsa ngati wamisala!" Mwanayo analira mpaka usiku, ndipo kuyambira tsikulo ankadya nsima ali chete, maso ali pansi.

Tinanyamula kaloleko kupita nako ku Mbamba, kwa bambo wina wachikulire wokonza mainjini a maboti. Anatiuza kuti chidole chotere anali asanachitsegulepo, koma giya ndi giya basi. Anatisonyeza magiya awiri amene amalumana kunja kwa bokosi. Yaing'ono yachitsulo, imene ili pa mota, amaitcha pinion. Yathu inali ndi mano 18. Yaikulu yapulasitiki amaitcha spur, ndipo inali ndi mano 90. Ndiye kuti mota imazungulira kasanu kuti giya yaikulu izungulire kamodzi, ndipo umu ndi mmene liwiro la mota limasandukira mphamvu yokwerera chitunda. Mano a giya yaikuluyo anali atadyeka mbali yonse imodzi.

Bambowo anatapa girisi pang'ono ndi kumufikisa pakati pa zala. Tinamva mchenga ukulira. "Ana anga, anapaka izi ndani?" Palibe anayankha. Anafotokoza kuti magiya awiri akunjawa amayenera kukhala ouma ndi ovundikira, pakuti girisi akasakanikirana ndi mchenga amasanduka chopalira chimene chimadya mano. Girisi malo ake ndi m'bokosi lotsekeka, ndiponso mu difu, imene imalola tayala lina kuthamanga kuposa linzake pokhota. Kenaka anagwedeza mota ndi chala, ndipo inasuntha. Masikuluwu ake anali atamasuka, mpata wa pakati pa magiya n'kukula, mano n'kumangokhudzana kunsonga. Kulira kuja kunali kupempha sipana, ife n'kupereka girisi. Zoonadi, safunsa anadya phula.

Kuno kuchilumba, kanthu kakathyoka sungangothamangira kusitolo. Tinawerenga mano mosamala, ndipo tinaona nambala 48 yolembedwa pa giyayo, imene imasonyeza kukula kwa mano ake. Giya ya 32 ili ndi mano akuluakulu, ndipo singalumane ndi ya 48 ngakhale muikakamize chotani. Tinawatumizira amalume chithunzi pa foni. Giya yatsopano inayenda pa basi mpaka ku Mzuzu, kutsikira ku Nkhata Bay, kenaka pa sitima. Tinadikira masabata 7.

Itafika, tinaphunzira ntchito imene tikufuna kugawana nanu. Mumamasula pang'ono masikuluwu a mota, ndi kung'amba kapepala kopyapyala m'kope la kusukulu. Kapepalako mumakaika pakati pa magiya awiriwo, kukankhira mota kuti mano akalume, kumanga masikuluwu, kenaka kuzunguza giya kuti kapepala katuluke. Mpata umene katsalapo ndiwo woyenera. Poyesa, gwirani giya yaing'ono kuti isasunthe ndipo mugwedeze yaikulu: iyenera kusewera pang'ono pokha. Yesani malo 4 osiyana, chifukwa giya yapulasitiki sikhala yozungulira bwinobwino. Magiya akathinana kwambiri amalira mokweza ngati mluzu, mota imatentha ndipo batire imatha msanga. Akatalikirana amagogoda, mano n'kutha. Kasikuluwu kogwira pinion kayenera kukhala pa mbali yafulati ya mtengo wa mota, apo ayi mota idzazungulira yokha. Tikatha kusewera timachotsa mchenga ndi mswachi wakale, ndipo chala chikalephera kukhala pa mota kwa masekondi ochepa, timakapumitsa kaloleko.

Koma mawu amene anatilasa mtima ndi amene bambo aja ananena tikutsanzika. Tinafunsa kuti, "Bambo, bwanji osangopanga magiya onse achitsulo?" Anati yapulasitiki ndiyo yotsika mtengo, ndipo zinthu zikavuta imayamba ndiyo kuthyoka, motero mota ndi magiya am'kati amapulumuka. Pobwerera ku Chipyela tinayenda mwakachetechete. Aliyense anadziwa kuti pakhomo pathu tinachita chimodzimodzi. Pamene zinthu zinavuta, tinasankha wamng'ono, amene sakanatha kudziteteza, kuti asenze mlandu, ife akulu tipulumuke. Komatu mwana si giya yakuti ikathyoka tiitanitse ina ku Johannesburg.

Kupepesa kwa mwana wa zaka 9 kunatilemera kuposa kudikira masabata 7 aja. Tinamuitana pamaso pa amayi ndi kunena poyera kuti girisi tinapaka ndife, chivundikiro tinasiya ndife, ndipo iye sanalakwe kanthu. Sanayankhe tsiku limenelo. Mawa lake anabwera yekha ndi kapepala kong'amba m'kope lake la masamu. Mpaka lero woyeza mpata wa magiya ndi iyeyo, ndipo khutu lake limamva kulira kwachilendo ife tisanamve.

Anzathu okondedwa, sabata ino tiyeni tidzifunse: kunyumba, kusukulu kapena m'gulu lathu la achinyamata, chinthu chikawonongeka, amene amayamba kulozedwa chala ndani? Kodi ndi amene analakwadi, kapena amene anali ndi rimoti m'manja pa nthawiyo? Ngati pali wina amene tinamusenzetsa mlandu wathu, tisadikire kuti sitima ibwere. Ali pafupi, ndipo timadya naye mbale imodzi.

Tikufunirani sabata yabwino nonse.