Lachiwiri Lachitatu la Mwezi wa May

Tidafika m'dera la Finger Lakes, m'chigawo cha New York ku America, chisanu chitangotha kumene. Derali lili ndi nyanja 11 zazitali ndi zowonda ngati zala za munthu, ndipo yakuya koposa zonse ndi Seneca. M'zitunda zozungulira nyanjayo muli minda ya mphesa, ndipo mitengo ya maapozi idali mbuu ndi maluwa. Koma chimene chidatiimitsa ife alendo ndicho tizikwangwani tozikidwa pa kapinga wa pakhomo lililonse m'kamzinda kamene tidafikira. Tina tidalembedwa kuti "Inde," tina kuti "Ayi."

Mayi amene adatisunga, yemwe adali m'komiti ya makolo, adatimasulira mwambiwo. Kumeneko ndalama zoyendetsera sukulu za boma zimachokera mbali ina ku boma la chigawo, koma mbali yaikulu m'madera ambiri ndi msonkho wa nyumba ndi malo. Tsono chaka ndi chaka, Lachiwiri lachitatu la mwezi wa May, eni dera amaponya voti kuvomereza kapena kukana ndalama zimene akuluakulu a sukulu apempha. Mizinda ikuluikulu isanu yokha, New York City, Buffalo, Rochester, Syracuse ndi Yonkers, ndiyo sitsata mwambo umenewu. Lamulo la 97 la chaka cha 2011 lidaika malire akuti msonkhowo usakwere kupitirira 2 pa 100 aliwonse, kapena kupitirira kukwera mitengo kwa zinthu ngati kuli kochepera apo, ndipo ofuna kudumpha malirewo ayenera kupeza mavoti 60 mwa 100. Anthu akakana, angavotenso mu June. Akakananso kachiwiri, msonkho sungakwere ndi pang'ono pomwe, ndipo kawirikawiri zoyamba kugwa ndi masewera, kuyimba ndi zipangizo zatsopano.

Owerenga athu, taonani pamene pagona nkhani. Mwini nyumba aliyense amakhoma msonkhowu, kaya ali ndi mwana pasukulu kaya alibe. Makolo paokha sangapambane.

N'chifukwa chake madzulo ena tidaperekeza mayi uja poyenda khomo ndi khomo. Sadataye nthawi kwa anzake a "Inde." Adalunjika kunyumba ya mayi wina wamasiye, wokalamba ndithu, amene ana ake adachoka kalekale.

"Mwana wanga," adatero gogoyo tisanakhale n'komwe, "penshoni yanga siikwera, koma msonkho ukwera chaka chilichonse. Kodi mufuna ndigulitse nyumba imene adandisiyira amuna anga?"

Ife tidayembekeza ulaliki wonena za tsogolo la ana. Sudabwere. Mnzathuyo adangoti, "Mukunena zoona, mayi. Tabweretsani kalata yanu ya msonkho tiwerengere limodzi." Adakhala pathebulo la m'khitchini, nawerengera ndalama zenizeni zimene zikanawonjezeka pa nyumba imeneyo yokha, osachepetsako kuti zikome. Kenaka adafunsa ngati gogoyo adalembetsa ku Enhanced STAR, thandizo limene limapeputsa msonkho wa sukulu kwa eni nyumba a zaka 65 kapena kuposerapo amene mapezedwe awo ndi ochepa. Zidapezeka kuti sadalembetse. Ola lathunthu lidathera pa mapepala amenewo, ndipo za voti zidangotchulidwa potsazikana pakhomo.

"Sindidakulonjezeni kanthu," adatero gogoyo.

"Ayi, mayi. Koma galimoto ndidzabwera nayo, muvote mmene mufunira."

Msonkhano wofotokozera anthu za ndalamazo, umene lamulo limalamula kuti uchitike tsiku la voti lisanafike, udatigwetsa ulesi: mipando yambiri idali yopanda anthu. Mlimi mmodzi yekha ndiye adautentha, pofunsa chifukwa chogulira mabasi atsopano pamene thirakitala yake yakale ikulimabe. Mabasiwo adali ndi funso lawolawo pa pepala lovotera.

Tsikulo litafika, anthu adavotera m'holo ya masewera ya pasukulupo. M'makonde adapachika zojambula za ana, ndipo gulu la malipenga lidayimba madzulo omwewo. Kameneka ndi kaukathyali ndithu, pakuti kholo lobwera kudzamvera mwana wake silingabwerere osaponya voti. Koma sitidaone wodandaula. Gogo uja adatsika m'galimoto atavala chipewa chake cha kutchalitchi, navota, nakhala mpaka nyimbo yomaliza.

Usiku mavoti atawerengedwa, ndalama za sukulu zidavomerezedwa movutikira, koma mabasi adakanidwa. M'mawa mwake tidathandiza kuzula tizikwangwani m'misewu, mame akadali pa kapinga. Mnzathuyo adatiunjika m'galaja, natenga cholembera kuyamba kulemba mayina a makomo amene sadafikeko chaka chimenecho. Loyamba lidali la mlimi uja.